Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lokumbukira Thanzi la Maganizo

Wapampando wa mwambo uno, Bwanamkubwa wa boma lino, mafumu athu eni nthaka, abusa ndi mashehe, aphunzitsi, amayi ndi abambo, ndi inu ana athu: ndaima pamaso panu lero pa 10 Okutobala, tsiku limene maiko akhala akulipatula chiyambire chaka cha 1992, kuti anthu akumbukire kuti mtima nawo umadwala monga lidwalira thupi.

Pamene tsikuli linkakhazikitsidwa kunalibe Facebook, amene anadza mu 2004, ngakhale WhatsApp, amene anamtsata mu 2009. Koma lero mdzukulu wa mayi amene ankadikira kalata ya ku Joni mpaka dzinja kutha agona ndi foni kumutu kwa mphasa, ndipo asanasukusule waona kale galimoto ya mnzake, ukwati wa uje, ndi maliro a anthu amene sanawadziwepo. Sindinadze kudzanyoza chipangizochi ayi, pakuti ndi chomwechi chimene nkhalamba ilandirira ndalama ya feteleza pa Mpamba kapena Airtel Money osakwera basi. Koma tidziwe kuti eni masamba a mchezo amadyera kwa otsatsa malonda, ndipo phindu lawo likula malinga ndi nthawi imene maso athu akhala pamenepo. Nchifukwa chake anawakonza mwaluso kuti nkhani ikatha idze inzake, kufikira tambala alira munthu asanalawe tulo.

Tsono palibe amene amajambula ngongole zake. Mnyamata aona suti ya mnzake, osaona katapila amene anaigula. Ayamba kudziyesa wotsalira, aiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, nataya ndalama ya fizi pa kubetcha mpira, nakongola kuti abweze yotayikayo, nakhala chete chifukwa tinamuuza ali wamng'ono kuti mwamuna salira. Mawu amenewo, makolo anzanga, atiikitsa ana ambiri m'manda, ndipo ine ndikanakonda atatha m'makomo mwathu. Za mtsikana amene chithunzi chake chifalitsidwa kuti achite manyazi ndinena mwachidule: lamulo lathu la 2016 loona za pa intaneti limati kuzunza munthu motero ndi mlandu, ndipo woyenera kubisa nkhope ndi wofalitsayo.

Kumbukirani mneneri Eliya, munthu wamphamvu amene anagonjetsa aneneri a Baala pa phiri la Karimeli, koma atathawa Yezebeli anakhala pansi pa mtengo m'chipululu napempha imfa. Mngelo atafika sanamdzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Anamleka agone, nampatsa mkate ndi madzi kawiri, ndipo pambuyo pake Mulungu anampatsa Elisa woyenda naye. Tulo, chakudya, ndi mnzako wa paulendo: zimenezi bandulo sagula. Chotero ndikupemphani kuti foni izigona patali ndi mphasa, ndi kuti pa nthawi ya nsima iikidwe padera, kuyambira ya bambo, popeza mwana satsata zimene timuuza koma zimene aona tikuchita.

Mukaona mwana wasiya kudya, sagona, adzipatula, kapena ayamba kunena zotsanzika, musathamangire kuti walodzedwa, musamusekenso. Khalani naye pansi, mumfunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha, ndipo mupite naye kuchipatala cha boma lino tsiku lomwelo. Mutu umodzi susenza denga. Alipo anamwino ndi aphungu ophunzira ntchito imeneyi, chilipo chipatala cha odwala maganizo cha ku Zomba, aliponso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ambiri opita kumeneko amabwerera kwawo nagwiranso khasu.

Mafumu, ndisiya m'manja mwanu pempho lakuti nkhaniyi izikambidwa pabwalo ndi pamaliro pomwe. Wapampando, ndi mawu amenewa ndilengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa.