MABUKU A ACINYAMATA NDI A AKULU: MALIRE ALI PATI?

Lero tikambirana za funso limene limabvuta mphunzitsi pamene mabuku a nthano afika pa sukulu. Kodi ndi buku liti limene liyenera mwana wa Giredi 7, nanga ndi liti limene liyenera kumdikira kufikira atakula?

Ambiri amayesa kuti mwini nkhani akakhala mwana, ndiye kuti bukulo ndi la ana. Muyeso umenewu ndi wosokeretsa. M'buku la Ngugi wa ku Kenya lochedwa Weep Not, Child, limene linaturuka mu 1964, mwini nkhani ndi Njoroge, mnyamata wokonda sukulu monga inu. Koma nkhani yace iri ya nthawi ya nkhondo ya Mau Mau: mnyamatayo azunzidwa, atate wace amwalira, ndipo iye afika pofuna kudzipha. Limeneli ndi buku la akulu.

Tiyeni tione mabuku awiri a mlembi mmodzi, Chinua Achebe wa ku Nigeria. Mu 1958 anaturutsa Things Fall Apart, ndipo mu 1966 analembera ana Chike and the River. Mudzi wa Umuofia ucoka m'mabuku onse awiri. Chike, wa zaka 11, acoka kumudzi kukakhala ndi malume ace ku Onitsha, ndipo mtima wace uli pa cinthu cimodzi, kuoloka mtsinje wa Niger kukaona Asaba. Ndalama yolipira pa ngalawa alibe. Ayesa njira iyi ndi iyo, anyengedwa, aoloka, agwa pakati pa mbala usiku, koma zonse zimthera bwino. Ife owerenga tiona zonse ndi maso a Chike, ndipo cimene iye sacidziwa ifenso siticidziwa.

M'buku linalo mulinso mnyamata, Ikemefuna, amene aphedwa ndi Okonkwo, munthu amene iye anali kumyesa atate wace. Pano mlembi satiimika pambali pa mwanayo kokha, koma atilowetsa mumtima wa wakuphayo, munthu woopa kuti anzace angamuyese wofooka. Mantha otere mwana wa zaka 12 angawawerenge, koma sanakhale nao. Ndipo bukulo silimtonthoza pa mapeto.

Conco malire sali pa imfa kapena pa zoopsa, pakuti ngakhale nthano za agogo ziri ndi afisi odya anthu. Ali pa mafunso awiri: tikuona ndi maso a yani, ndipo woweranga asiyidwa ndi katundu wotani?

Tidziwenso kuti malirewa amasuntha. Robinson Crusoe wa Daniel Defoe, wa mu 1719, ndi Gulliver's Travels wa Jonathan Swift, wa mu 1726, analembedwera akulu. Swift anali kunyoza andale a m'nthawi yace. Ofupikitsa anacotsa zambiri za mnyozowo, nasiyira ana tianthu ting'onoting'ono ta ku Lilliput.

Tsono inu aphunzitsi, musaweruze buku poona cikuto. Liwerengeni nokha coyamba, makamaka mitu iwiri yomariza. Mwana akakupemphani buku lolemera, musamkanize msanga. Mfunseni zimene wawerenga kale, ndipo akalitenga, muuzeni kuti abwere mudzakambirane akafika pamene Ikemefuna aphedwa.