Galimoto Sigulidwa Pansi pa Mtengo



Nkhani ya lero ndi yokhudza kugula ndi kugulitsa galimoto imene inayendapo kale m'manja mwa munthu wina. Magalimoto otere achuluka m'dera la Mfumu Jalasi ndi m'boma lonse la Mangochi. Ena amachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, ena amabwera ndi anyamata obwerera kuchokera ku Joni, ndipo ena amagulidwa ku Blantyre, ku Zomba kapena kwa mnansi wa pamudzi pomwepa. Ichi ndi chitukuko ndithu, pakuti galimoto imathamangitsira odwala kuchipatala, imanyamula fodya ndi chimanga, ndiponso imadyetsa mabanja. Koma mfundo imene munthu aliyense ayenera kubwerera nayo kunyumba ndi iyi: kupereka ndalama ndi kulandira makiyi si mathero a malonda. Malonda a galimoto amathera ku ofesi, pamene dzina la mwini wake lasinthidwa m'kaundula wa Boma.

Lamulo loyendetsa nkhani zimenezi ndi la Road Traffic Act la chaka cha 1997, ndipo nthambi ya Boma imene imasunga kaundula wa magalimoto ndi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu amangoitchula kuti Road Traffic. Munthu wofuna kugula galimoto ayenera kupeza mayankho a mafunso atatu ndalama zisanatuluke m'thumba. Kodi mwini wake weniweni wa galimotoyi ndani? Kodi ili yoyenera kuyenda pamsewu? Nanga ikavulaza munthu, adzalipira ndani?

Funso loyamba limayankhidwa ndi chikalata cha umwini, chimene chimadziwika ndi dzina loti bulubuku. M'chikalatachi muli dzina la mwini wake, nambala ya galimoto, nambala ya injini ndi nambala ya chasisi. Wogula wanzeru satopa kutsegula boneti, kupukuta fumbi ndi mafuta, ndi kuwerenga manambalawo limodzi ndi limodzi poyerekeza ndi zolembedwa. Nambala ikaoneka yopalidwa, yokhomedwanso kapena yopakidwa penti yatsopano, malonda athere pomwepo. Dzina la m'bulubuku liyeneranso kufanana ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo, pakuti kuyambira m'chaka cha 2017, pamene kalembera wa nzika anachitika m'dziko lonse, nkosavuta kudziwa kuti munthu ndi yemweyo kapena ayi.

Kawirikawiri wogulitsa amanena kuti galimoto ndi ya achimwene ake amene ali ku Johannesburg, kapena kuti inali ya malemu amalume ake. Mawu otere angathe kukhala oona, komabe sapatsa munthu mphamvu yogulitsa. Ngati mwini wake ali moyo, iye ndiye woyenera kuvomereza kusinthako. Ngati anamwalira, galimotoyo ndi chuma cha masiye, chimene chimatetezedwa ndi lamulo la chaka cha 2011, ndipo woigulitsa ayenera kuonetsa makalata omupatsa udindo woyang'anira chumacho. Wogula chuma cha masiye mwamseri amagulanso mlandu wa ana ndi mayi wawo.

Anthu a dera lino ali ndi chifukwa china chokhalira tcheru, chifukwa Namwera ali pafupi ndi chipata cha Chiponde, chimene chimayang'anana ndi Mandimba ku Mozambique. Galimoto ya nambala yakunja imene yalowa ndi mlendo kapena ndi munthu wobwera kudzaona abale imapatsidwa chilolezo chokhala m'dziko muno kwa kanthawi chabe. Chilolezo chimenechi si chogulitsira. Kuti galimoto yotere ikhale ya muno, iyenera kulipiridwa msonkho ku bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito yake m'chaka cha 2000, ndipo msonkhowo umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Chimodzimodzinso galimoto imene inalowa mosalipira msonkho chifukwa cha udindo wa mwini wake: poigulitsa, a msonkho ayenera kudziwitsidwa. Apolisi nawonso amafufuza ngati galimoto sinabedwe muno kapena kunja. Galimoto yakuba ikapezeka imalandidwa, ngakhale woigulayo sanadziwe kanthu, ndipo thukuta la zaka zambiri limatayika tsiku limodzi. Mtengo ukatsika modabwitsa, wogula akumbukire mawu a makolo akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso lachiwiri limayankhidwa ndi chiphaso chotchedwa COF, chimene chimamatidwa pa galasi lakutsogolo. Chiphasochi chimaperekedwa galimoto ikayesedwa pa malo ovomerezeka ndi Boma, pamene akatswiri amaona mabuleki, chiwongolero, matayala, nyali, hutala, magalasi ndi kulimba kwa thupi lake lonse. Chili ndi tsiku lothera, ndipo magalimoto onyamula anthu olipira amayesedwa pafupipafupi kuposa a anthu wamba.

Tsono apa ndi pamene ambiri amasokera. COF siichitira umboni kuti wogulitsayo ndi mwini galimoto. Siilonjezanso kuti injini idzakhalitsa. Imangonena kuti pa tsiku limene galimoto inayesedwa, inapezeka yoyenera kuyenda. Miyezi ingapo ya m'misewu ya fumbi ndi mabampu ya ku midzi imatha kudya mabuleki ndi matayala pamene pepala la pa galasi likadali latsopano. Motero wogula atenge makaniko wake amene amamukhulupirira, osati wa wogulitsa, kuti alowe pansi pa galimoto, aone ngati mafuta a mabuleki sakudontha, ayeze matayala, ndipo aiyendetse pa chitunda ndi pa mtsetse.

Pali anthu ena amene amalonjeza kuti angathe kubweretsa COF galimoto isanapite koyesedwa. Wopereka ndalama kwa anthu otere aphwanya lamulo, koma choopsa kwambiri ndi chakuti wadzinamiza yekha. Msewu wa M3 wochoka kuno kupita ku Mangochi umatsika mapiri a Chowe mokhotakhota usanafike pa mlatho wa Bakili Muluzi pa mtsinje wa Shire. Pa mtsetse wautali wotere mabuleki amatentha, ndipo akakhala akutha kale kapena mafuta ake akakhala akale, amaleka kugwira, makamaka galimoto ikalemedwa ndi katundu ndi anthu opyola muyeso. Wapolisi wa pamsewu angathe kupusitsidwa ndi pepala lachinyengo, koma phiri la Chowe siliwerenga mapepala. Okwera m'galimotoyo ndi amayi opita ku msika, ana a sukulu ndi odwala, anthu amene sanafunsidwe pamene chinyengocho chinkachitika.

Funso lachitatu ndi la inshuwaransi. Lamulo limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwaransi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze. Wogula asaganize kuti inshuwaransi ya mwini wakale imangomutsata yokha. Apite ku kampani ya inshuwaransi kukaitenga m'dzina lake. Ndipo iye amene akugula Sienta kapena Probox ndi cholinga chonyamula anthu pakati pa Namwera, Chiponde ndi Mangochi adziwe kuti mapepala a galimoto ya pakhomo sakwanira. Galimoto ya matola imalembetsedwa mwa mtundu wake, imafuna chilolezo chonyamulira anthu ndi inshuwaransi yoteteza okwerawo, ndipo dalaivala wake amafunika chiphaso chapadera pamwamba pa laisensi. Popanda zimenezi, ngozi ikachitika kampani ingathe kukana kulipira, ndipo mtolo wonse umagwera mwini galimoto ndi banja lake.

Wogulitsa naye ali ndi zake zoti asamale. Malinga ngati dzina lake likadali m'kaundula, Boma limadziwa kuti galimotoyo ndi yake. Ikagunda munthu n'kuthawa, kapena ikagwidwa ndi katundu wozembetsa, apolisi adzayamba kugogoda pa khomo lake, ngakhale anaigulitsa kalekale. Kuyambira m'chaka cha 2015 kaundula wa Road Traffic amayendera makompyuta a MalTIS, amene amazindikira munthu ndi khadi lake ndi zidindo za zala zake. Nkofunika tsono kuti wogula ndi wogulitsa apitire limodzi ku ofesi, onse akadali pafupi ndiponso akadamvana. Kunena kuti dzina lidzasinthidwa m'tsogolo ndi kuika bomba m'nyumba, chifukwa wogulitsa angathe kubwerera ku Joni, kudwala kapena kumwalira, ndipo wogula adzatsala ndi galimoto imene sangathe kuigulitsa mwalamulo.

Ndi chanzeru kulemba kalata ya mgwirizano yokhala ndi maina a onse awiri, manambala a galimoto, mtengo, tsiku ndi mboni. Ndi chanzerunso kusunga gawo lina la ndalama mpaka dzina litasinthidwa. Wogulitsa woona mtima sadzakana zimenezi. Amene akukana ndi kufulumizitsa malonda waonetsa kale kuti pali chimene akubisa.

Ulendo wa ku ofesi uli ndi mtengo wake, wa thiransipoti, wa malipiro ndi wa masiku oima pa mzere. Komabe mtengo umenewu ndi wochepa poyerekeza ndi kulandidwa galimoto, kumangidwa, kapena kunyamula maliro a anthu osalakwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo, amene nthawi zambiri amaitanidwa kukhala mboni pa malonda otere, angathandize kwambiri pofunsa funso limodzi asanasaine: kodi awiriwa apita liti ku Road Traffic?