Anakwera Kumwamba, Natisiyira Khasu

Mwana wina wa Sande sukulu anandifunsa kuti: "Munthu akachoka pamudzi timalira. Nanga tsiku limene Yesu anachoka timakondwereranji?" Ndikufuna ndimuyankhe pamaso panu.

Luka analemba m'buku la Machitidwe kuti Yesu atauka anaonekera kwa ophunzira ake masiku 40. Kenaka pa Phiri la Azitona, pafupi ndi Yerusalemu, anakwera kumwamba iwo akuona. N'chifukwa chake chikondwererochi chimagwa Lachinayi, tsiku la 40 kuwerengera pa Pasaka.

Timakondwera chifukwa sanasiye umunthu wathu pansi. Amene ali kudzanja lamanja la Atate kutipempherera ndi yemwe uja anamva njala, nalira pamanda a Lazaro. Timakondweranso chifukwa sanatisiye amasiye: patapita masiku 10, Mzimu Woyera anatsika pa Pentekoste.

Koma mfundo yaikulu nayi. Bambo akapatsa mwana khasu n'kumusiya m'munda, ndiye kuti wamukhulupirira. Yesu anasiya Uthenga Wabwino m'manja mwa anthu ofooka, ena mwa iwo anali atamuthawa usiku umene anagwidwa. Uthengawo unayenda mpaka kufika kuno ku Zambia.

Lero mpingo wathu wakwanitsa zaka 50. Makolo amene anaumba njerwa za tchalitchi chino ambiri anagona. Khasu lili m'manja mwathu. Tisaime n'kumangoyang'ana kumwamba. Mwana uja akadzakula, kodi adzapeza munda uli wolimidwa?

Ambuye atithandize. Amen.