Kugonetsa Nsomba Sikupha Nsomba: Mau kwa Asodzi ndi Mafumu

Akatswiri a nsomba akafuna kuwerenga kapena kuyesa nsomba, amayamba azigonetsa. Amaziika m'beseni la madzi othiramo mafuta pang'ono a clove kapena mankhwala ochedwa MS-222. Nsomba zimafooka, ziyesedwa, ndipo zikabwezedwa m'madzi abwino zimatsitsimuka patapita mphindi zochepa. M'mitsinje yosaya amagwiritsa nchito magetsi oyesedwa bwino, amene amakomola nsomba kwa kanthawi. Nchito imeneyi njoopsa, ndipo munthu wosaphunzira angafe nayo.

Tsono katupe ndi wina. Zomera monga ombwe ziri ndi ululu wochedwa rotenone, umene umaletsa nsomba kupuma. Ululuwo susankha. Umapha zazikulu, zamazira ndi tiana tomwe, kotero kuti dziwe limene likadadyetsa mudzi zaka zambiri limatha tsiku limodzi.

Nchifukwa chake lamulo la nsomba la Malawi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi ululu kapena mabomba. Mafumu ndi asodzi ayenera kuchenjezana, chifukwa wothira katupe lero alanda ndiwo za ana ake a mawa.