Kabedi, kakama: mawu amenewa anachokera kuti?

Mwandipatsa mphindi zisanu, ndiye ndingolankhula za mawu amodzi basi, dzina la bedi laling'ono.

Ambiri a ife timati kabedi. Koma mukanena choncho pa mtsutso wa Chichewa, sipalephera wina woimika dzanja n'kunena kuti chimenecho ndi Chingelezi, Chichewa chenicheni ndi kama. Pa bedi akunena zoona, tinabwereka kwa Angelezi. Pa kama ndiye ayi ndithu. Mawuwa ndi a Chipwitikizi, eni ake amalemba cama. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, m'zaka za m'ma 1500, Angelezi asanaponde n'komwe kuno, ndipo amalonda ankanyamula katundu pamodzi ndi mayina ake. Nsapato, mbatata, kalata, kapitawo, onsewa anadzera njira imeneyo. Kama wangokhalitsa pamudzi mpaka tinaiwala kuti ndi mlendo. Musamusokoneze ndi kukama ng'ombe, amenewo ndi mawu ena.

Nanga makolo athu ankati chiyani? Iwo ankayala mphasa kapena mkeka. Khanda linkagona pambali pa mayi ake, masana lili kumbuyo mu mbereko. Bedi la mwana payekha kunalibe, ndiye dzina lake likanachokera kuti? Ngakhale Angelezi omwewo, mawu awo oti cot, amene amatchulira kabedi ka khanda, anakawatenga ku India, ku mawu a Chihindi oti khat, m'zaka za m'ma 1600.

Chathuchathu pa mawu amenewa ndi ka- wa kumayambiriroyo, ndipo ine ndi amene amandisangalatsa. Mphatikira ameneyu sasankha. Mupatseni bedi, akupatsani kabedi. Mupatseni kama, akupatsani kakama. Akachuluka timati timabedi, timakama. Komanso amakoka chiganizo chonse kuti chimutsatire: kabedi kanga kakang'ono kathyoka. Mwamva ma ka angati pamenepo? Mngelezi atamva sangazindikirenso kuti pakati pakepo pali mawu a kwawo.

Koma ka- yemweyu ali ndi mano. Mayi akanena kuti "kabedi ka mwana wanga", mumamva chikondi. Kalipentala akanena kuti "kabedi", akunena za muyeso, matabwa ochepa, mtengo wotsikirapo. Tsono yerekezani mnzanu wasunga ndalama za ganyu miyezi ingapo, wachoka pa mphasa, wagula bedi lake loyamba, wakuitanani kuti mudzaone. Inu n'kulowa m'chipinda n'kunena kuti, "Aa, kabedi kake n'kameneka?" Bedilo likhoza kukhala lalikulu bwinobwino, koma mwamunyoza kale, ndipo tiyi amene amati akuphikireni uja mukamwera kwanu.

Amene ali ndi funso afunse, nthawi ikadalipo pang'ono.