Chipupa chagwa koma mpingo ulipo

(Awa ndi mawu amene mtsogoleri wa mapemphero pa kapela ina m'boma lathu la Angónia anayankhula pa wailesi m'sabata ya Pasaka. Tawalemba muno kuti magulu a omvera awerengerane ndi kukambirana.)

Abale athu a ku Reformada ndi mipingo ina, musatseke wailesi, nkhaniyi ndi ya tonsefe.

Ndiyambe ndi za kwathu. Komunidade yathu ndi yakhanda, yangotha zaka zitatu basi. Kale tinkapemphera kumudzi wina kutsidya, ndipo mtsinje ukadzaza agogo athu ankangokhala pakhomo. Ndiye tinapempha chilolezo kuti tiyambe kupemphera kwathu konko. Tinayambira pansi pa mkuyu, kenaka tinaumba zidina, nkumanga kapela yofolera ndi udzu. Mvula ya chaka chino, usiku wina mu Febuluwale, chipupa chakum'mawa chinagwa, denga nkutsatira. Mwamwayi munalibe munthu.

Koma abale, kugwa kwa chipupako sikunatipweteke ngati zimene zinabwera pambuyo pake. Tinayamba kulozana zala. Ena amati omanga sanakumbe maziko okwanira, ena amafunsa za ndalama zimene tinasonkha zogulira malata. Ineyo amene ndikuyankhula pano ndinamuyankha mwachipongwe mkulu wina pamaso pa anthu. Lamulungu lotsatira tinabwera owerengeka. Mayi wina anachita kundiuza kuti, "Aphunzitsi, madzi akatayika saoleka, tiyeni tingobwerera kutsidya."

Masiku amenewo ndinawerenganso Luka mutu 24. Muli nkhani ya anthu awiri, wina dzina lake Kleopa, amene anachoka ku Yerusalemu kupita ku Emau, mtunda wa makilomita pafupifupi 11. Tinene zoona, anthuwa anali atataya mtima, amabwerera kumudzi. Gulu lawo linali lakhanda ngati lathuli, ndipo linali litabalalika: wina anapereka Ambuye, wina anawakana, ambiri anathawa. Yesu woukayo anawapeza panjira yothawirayo, nkuyenda nawo, nkuwamvetsera kudandaula kwawo konse. Atamuzindikira pa kunyema mkate, sanadikire kuti kuche, anabwerera kwa anzawo.

Mwaona zimene kuuka kwa Ambuye kunachita? Kunabweza anthu obalalika pamalo amodzi. Ndipo Yesu sanakasankhe gulu lina la anthu abwino kuti ayambe nalo. Anayambanso ndi omwewo. Petro amene anakana katatu anafunsidwa katatu za chikondi, nkupatsidwa ntchito yoweta nkhosa. Tomasi anaonetsedwa mabala, kusonyeza kuti woukayo sanabise zimene zinamuchitikira. Chiyambi chatsopano cha Akhristu ndi chotere: mabala akuoneka, koma moyo ukupitirira.

Ife a kuno zimenezi sitikuzimva kwa alendo. Akuluakulu akukumbuka kuti pa 24 Julayi 1975 boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo ansembe anatsala ochepa. Mu 1977 Mpingo wa Katolika unakumana ku Beira nkugwirizana kuti moyo wa mpingo ukhale m'magulu ang'onoang'ono, otsogoleredwa ndi Akhristu eni ake. Kenaka nkhondo inafika. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chijezuiti, bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dera lino, ndi bambo Sílvio Alves Moreira a ku Portugal, anatengedwa usiku ku Chapotera nkuphedwa. Anthu ambiri anathawira ku Malawi, ku Dedza ndi ku Ntcheu, atasenza ana ndi timitolo.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, makolo athu anayamba kubwerera, makamaka mu 1993 ndi 1994. Anapeza chiyani? Mabwinja, minda itasanduka tchire, njira zina zoopsa ndi mabomba okwiriridwa. Choopsa china chinali chakuti m'mudzi momwemo munabwereranso anthu amene anali mbali zosiyana pankhondo. Komabe Lamulungu ankayala mphasa pansi pa mtengo nkupemphera limodzi, popanda wansembe, popanda benchi. Makapela ambiri amene tikuwaona lero anayamba choncho. Tsono ife tibalalike chifukwa cha chipupa chimodzi cha zidina? Ayi ndithu.

Alimi a mbatatesi mundimva msanga. Pokumba mumapeza mbewu ija munabzala itafota kapena itawola, koma pambali pake pali ana ambiri. Palibe amene amakhala pansi kulirira mbewuyo. Yohane mutu 12 akutiphunzitsa zomwezi ndi njere ya tirigu, kuti imabala ikagwa m'nthaka nkufa. Kwathu chimene chinayenera kufa si mpingo, koma kunyada kwathu. Tinkadzitama kuti tamanga msanga kuposa midzi yoyandikana nafe, pamene mitima tinali tisanaimange.

Ndikuuzeni tsono zimene tachita, mwina zingathandize ena. Lachisanu Loyera m'mawa ndinapita kwa mkulu uja kukapepesa. Sizinali zophweka, miyendo imalemera. Loweruka msungichuma anabwera ndi kope ndi ndalama zija, tinawerenga pamphasa aliyense akuona, ndipo zinakwana mpaka metikali yomaliza. Tagwirizana kuti kuwerenga kotere kuzichitika mwezi ndi mwezi. Tikakolola tiumba njerwa zootcha, maziko tiika miyala. Banja lililonse lili ndi tsiku lake, paja mutu umodzi susenza denga. Pasaka tinadyera pansi pa mkuyu uja. Mayi aja amati tibwerere kutsidya ndi amene anayambitsa nyimbo.

Sindikunena kuti zonse zatha bwino. Mabanja ena sanabwererebe, ndipo malata sanakwane. Chiyembekezo chachikhristu sikukhala chete kudikira kuti mzungu kapena bungwe libwere kudzatimangira. Ndi kukhulupirira kuti Mulungu amene anaukitsa Yesu angathe kuyambanso ndi anthu ngati ife, ndiye nkunyamuka kupita kwa mbale amene tinamulakwira.

M'magulu mwanu mukambirane izi: Kodi pa mpingo panu kapena pa gulu lanu ndani anasiya kubwera, ndipo ndani apite kukamuona sabata ino? Kodi ndalama za gulu zimawerengedwa poyera? Achinyamata, funsani agogo anu mmene anayambiranso atabwerera kuchokera ku Malawi, mutilembere kalata tidzawerenge pa wailesi.

Ambuye woukayo akhale nanu nonse.