Kacirombo ka Epstein ndi Mwana Wotupa Nsagwada

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Nkhani ya lero ndi ya Anthony Epstein, dotolo wa ku England, amene anabadwa m'caka ca 1921 namwalira m'caka ca 2024 ali ndi zaka 102. Nchito yace ikhudza moyo wa ana amene akhala pa mabenchi a sukulu za kumidzi, cifukwa cace mphunzitsi ayenera kuidziwa.

Ciyambi cace cinali ku Uganda. M'caka ca 1957 dotolo wina, Denis Burkitt, wa pa cipatala ca Mulago ku Kampala, anaona kamnyamata kotupa nsagwada mbali zonse ziwiri, ndipo posacedwa anaonanso wina wotero. Cotupaco cinali khansa yokula msanga koposa, yogwedeza mano ndi kutuzula diso, ndipo ana ambiri anali kufa nayo patangopita miyezi yowerengeka. Burkitt analembera madotolo anzace kufunsa kumene nthendayi ipezeka, ndipo kumapeto kwa caka ca 1961 anayenda pa galimoto mamailosi 10,000, nayendera zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Anapeza kuti nthendayi icuruka m'zigwa zotentha, m'mbali mwa nyanja ndi kumene mvula igwa yambiri, koma kumapiri kozizira isowa.

Ulendowu usanacitike, pa 22 March 1961, Burkitt anakamba za cotupaci pa Middlesex Hospital ku London. Epstein, amene pa nthawiyo anali kufufuza tizirombo toyambitsa zotupa mu nkhuku, anali pakati pa omvera. Iye anaganiza kuti ngati nthenda itsata kutentha ndi mvula, kapena pali kacirombo kamene kaiyambitsa. Tsono anagwirizana ndi Burkitt kuti azimtumizira tizidutswa ta zotupazo pa ndege. Kwa zaka zoposa ziwiri anayesa njira zonse zimene anazidziwa, osapeza kanthu.

Mu December 1963 ndege yocokera ku Kampala inalephera kutera ku London cifukwa ca nkhungu, nikatera ku Manchester. Botolo litafika mocedwa, madzi ace anali obvunduka, monga ngati za m'katimo zaola. Wina akadalitaya. Epstein anaika dontho pa maikulosikopu, ndipo anaona kuti cobvundula madziwo cinali maselo amoyo a cotupa, amene anasasuka ndi kugwedezeka kwa ulendo wautali. Iye ndi Yvonne Barr anawasunga maselowo nawacurukitsa, ndipo mu February 1964, pogwira nchito ndi Bert Achong, anaona kacirombo m'kati mwace ndi maikulosikopu ya mphamvu kwambiri. Anafalitsa zimenezi mu The Lancet mu March caka comweco. Aka kanali kacirombo koyamba kupezeka m'khansa ya munthu, ndipo kachedwa Epstein-Barr. Fuko lace ndi herpes, limodzi ndi tizirombo ta katsabola, mashingozi ndi zironda za pamlomo, tonse tokhala ndi khalidwe limodzi: tikalowa m'thupi sititurukanso.

Koma kenaka panabuka cododometsa. Werner ndi Gertrude Henle a ku Philadelphia anapeza kuti kacirombo aka kali ponse ponse, ndipo m'caka ca 1968 anaonetsa kuti ndiko kadwalitsa acinyamata a ku Ulaya ndi ku America nthenda ya zironda za pakhosi ndi mwanabere. Lero cidziwika kuti mwa akulu 10 ali onse pa dziko lapansi, oposa 9 ali nako, ndipo kafalikira ndi malobvu. Nanga bwanji cotupa cija cisankha ana a m'zigwa zotentha?

Yankho linapezeka m'citetezo ca thupi. Kaciromboka kabisala m'maselo oyera a m'magazi ochedwa B, ndipo kawafulumiza kuswana. Maselo ena ochedwa T ndiwo alonda, opha selo liri lonse losokonezeka. Mwana akadwala malungo kawiri kawiri, maselo a B aswana mopitirira, pamene alonda aja afooka. Pamenepo selo limodzi lolakwika likhoza kupulumuka ndi kusanduka cotupa. Cotero mapu a Burkitt anali kuonetsa kumene udzudzu wa malungo ucuruka.

Nchito ya Epstein inafika ndi ku ubongo komwe. Mitsempha ya ubongo iri ndi cokuta cace, monga waya wa magetsi ali ndi mphira, ndipo cokutaco ciyamba kupangika mwana asanabadwe, nicipitirira kufikira atakula. Pa nthenda yochedwa multiple sclerosis citetezo ca thupi ciukira cokutaci, munthu nayamba kulephera kuyenda kapena kuona bwino. M'caka ca 2022 ofufuza a ku Harvard, atasanthula mbiri ya asilikali a ku America oposa 10 miliyoni, anaonetsa kuti munthu akatenga kacirombo ka Epstein-Barr ngozi ya nthendayi ikwera ka 32. Pamene Epstein anamwalira, katemera wobvomerezeka wa kaciromboka anali asanapezeke.

Tsono gawo la mphunzitsi ndi lotani? Iye aona nkhope za ana tsiku ndi tsiku, ndipo kawiri kawiri ndiye woyamba kuzindikira kusintha. Matsagwidi aphwa okha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma tsaya likamakula tsiku ndi tsiku, mano nagwedera, kapena mimba ikatupa ndi kulimba, mphunzitsi apite kwa makolo tsiku lomwelo ndi kuwadandaulira kuti atengere mwana ku cipatala, asataye masabata ndi kutemera mphini kapena kuzula dzino. Cotupa ca Burkitt cimva mankhwala monga cyclophosphamide, ndipo ana ambiri ofika msanga acira. Mphunzitsi alimbikitsenso kugona m'masikito ndi kuciza malungo mosazengereza.

Comariza ndi ca m'kalasi. Pa phunziro la cilengedwe, mwana akanena kuti mbeu yace yamera mosiyana ndi cithunzi ca m'buku, mphunzitsi asamdzudzule. Amuuze ayang'anitsitse ndi kulemba cimene waona, ndipo amsimbire za botolo la madzi obvunduka limene Epstein sanalitaye.